Gulu la alimi lisakhale m'thumba la munthu mmodzi

Pa 25 Okutobala 2024, litangopita tsiku limodzi bungwe loyendetsa zisankho la CNE litalengeza kuti a Daniel Chapo ndiwo apambana pa chisankho cha pa 9 Okutobala, intaneti ya m'mafoni inazima kwa maola ambiri m'dziko muno. Pofika kumapeto kwa mweziwo WhatsApp, Facebook ndi Instagram zinali zikukana kutseguka pa mafoni ambiri, ndipo m'masiku oyambirira a Novembala intaneti inkadulidwa madzulo n'kudzabwerera m'mawa. Bungwe la NetBlocks, lomwe limalondoloza za kudulidwa kwa intaneti padziko lonse, linatsimikiza zimenezi, ndipo mabungwe oona za ufulu wa anthu monga Human Rights Watch anadzudzula.

Nkhani zambiri za masiku amenewo zinkakamba za zionetsero za otsatira a Venâncio Mondlane ku Maputo ndi m'mizinda ina. Kuno ku Niassa, Okutobala ndi Novembala ndi miyezi ya ntchito ina. Mlimi amakhala akugulitsa nandolo wotsala, akufunsa komwe kwafika mbewu ndi feteleza, akufuna kudziwa ngati mvula yoyamba ndi yobzalira kapena ndi chizimalupsa chabe. Aliyense amene anazolowera kumva zimenezi pa gulu la WhatsApp anaona yekha kuti gululo likhoza kutsekedwa ndi anthu omwe sanafikepo ku Mandimba, ku Ngauma, ku Mecanhelas kapena ku Lago, pa zifukwa zosakhudzana ndi ulimi.

Kuyambira nthawi imeneyo achinyamata ena odziwa za makompyuta akhala akufunsa ngati sikungakhale bwino kusamukira ku masamba a mchezo omwe alibe mwini mmodzi, monga Mastodon. Funsoli ndi labwino ndipo tiliunika. Koma tinene poyambirira kuti zomwe zachitika pa masamba amenewo m'zaka zapitazi zikusonyeza kuti gulu laling'ono limakhalitsa kapena kutha chifukwa cha mmene anthu ake agawirana udindo, ndalama ndi malamulo. Pulogalamu ya pafoni imabwera pambuyo.

Gulu lanu lili ndi eni atatu

Gulu la WhatsApp la kalabu yanu mumaliona ngati lanu chifukwa munalipatsa dzina ndinu ndipo mumalemba ndinu. Komabe pali eni atatu omwe angalitseke osakufunsani.

Woyamba ndi kampani. Facebook inagula WhatsApp mu 2014 pa mtengo wa madola pafupifupi 19 biliyoni, ndipo lero zonsezi pamodzi ndi Instagram zili m'manja mwa kampani imodzi ya ku America yotchedwa Meta. Uthenga uliwonse umadutsa pa makompyuta a kampaniyo, ngakhale mukulembera mnzanu wa tsidya la dambo. Pa 4 Okutobala 2021, ife tikukumbukira tsiku la mtendere, makompyutawo anasokonekera ndipo WhatsApp, Facebook ndi Instagram zinazima padziko lonse kwa maola pafupifupi 6. Kampaniyo ndiyo imaikanso malamulo: gulu limodzi lisapitirire anthu 1,024, mafoni akale kwambiri amasiya kulandiridwa, ndipo nambala ikakhala masiku pafupifupi 120 osalowa pa intaneti, akaunti yake ikhoza kufufutidwa. Kwa mlimi amene foni yamufera mu Januwale ndipo adzagula ina akakolola mu Meyi, masiku amenewo ndi ochepa.

Wachiwiri ndi mwini msewu womwe uthenga umayendamo, ndiye kuti makampani a mafoni a Movitel, Vodacom ndi Tmcel, pamodzi ndi boma lomwe limawapatsa ziphaso. Msewuwo ukhoza kutsekedwa monga zinachitikira mu 2024, ndipo si kuno kokha: ku Zambia WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa pa tsiku la chisankho, 12 Ogasiti 2021. Ukhozanso kukwera mtengo. Mu Meyi 2024 bungwe la INCM, lomwe limayang'anira za mauthenga m'dziko muno, linakhazikitsa mitengo yatsopano yomwe inathetsa mabandulo opanda malire. Achinyamata anachita zionetsero ku Maputo ndipo patapita milungu ingapo mitengoyo inaimitsidwa, koma tinaona kuti mtengo wa mamega ungasinthe usiku umodzi.

Wachitatu ali pakati pathu pompano, ndipo ndi amene amapha magulu ambiri. Ndi admin mmodzi uja, kawirikawiri mnyamata wa foni yabwino kapena mlangizi wa pulojekiti, amene anatsegula gulu pa nambala yake. Akapita kukasaka ganyu ku Nampula kapena ku Joni, foni ikabedwa, pulojekiti ikatha, kapena akakangana ndi wapampando, gulu limasanduka munda wopanda mwini. Admin yekhayo akatuluka, WhatsApp imangosankha wina aliyense pa gulupo, ngakhale amene sanapezekepo pa msonkhano.

Kodi masamba opanda mwini mmodzi ndi chiyani?

Munthu wa nambala ya Movitel amaimbira wa Vodacom popanda vuto, chifukwa makampaniwa anagwirizana njira imodzi yolumikizirana. Wa WhatsApp sangalembere wa Telegram, chifukwa aliyense anamanga mpanda wake. Masamba opanda mwini mmodzi amatsata chitsanzo choyambacho.

Lodziwika kwambiri ndi Mastodon, lomwe analiyambitsa ku Germany a Eugen Rochko mu 2016. Pulogalamu yake ndi yaulere ndipo aliyense akhoza kuiika pa seva yake. Seva ndi kompyuta yomwe imakhala yoyaka usana ndi usiku, yosunga mayina ndi mauthenga a mamembala. Sukulu, bungwe la alimi, mpingo kapena wailesi ikhoza kukhala ndi seva yakeyake, n'kuika malamulo ake, n'kusankha anthu ake oyang'anira. Maseva onsewa amalankhulana kudzera mu ndondomeko yotchedwa ActivityPub, yomwe inavomerezedwa mu 2018 ndi W3C, bungwe loika miyezo ya masamba a pa intaneti. Choncho munthu wa pa seva imodzi amatsatira ndi kuyankha wa pa seva ina. Seva imodzi ikatsekedwa, zina zimapitiriza. Seva ikadzaza ndi achipongwe, zinzake zikhoza kuidula. Munthu akakhumudwa ndi atsogoleri a seva yake, akhoza kusamukira kwina n'kutenga omutsatira, ngakhale kuti zomwe analemba kale zimatsala.

Tingayerekeze ndi kusiyana kwa esiteti ndi midzi. Pa esiteti tenanti amalima ndi kukolola, koma malo, sikelo ndi malamulo ndi za bwana. M'midzi, uliwonse uli ndi mfumu yake ndi bwalo lake, ndipo tinjira timalumikiza mudzi ndi unzake.

Anthu ambiri anamva za Mastodon kumapeto kwa 2022. Mu Okutobala chaka chimenecho a Elon Musk anagula Twitter pa madola 44 biliyoni n'kuyamba kusintha malamulo ndi kuchotsa antchito. Anthu ochuluka anathawa. Eni a Mastodon analengeza kuti ogwiritsa ntchito tsambalo mwezi ndi mwezi anachoka pa 300,000 kufika pa 2.5 miliyoni m'miyezi iwiri yokha.

Kukula msanga kunabweretsa mavuto ake

Zomwe zinachitika pambuyo pake ndizo zikukhudza kalabu ya alimi. Chiwerengero chija sichinakhalitse. Ambiri anafika, anapeza kuti abale ndi anzawo kulibe, anasokonezeka ndi nkhani yosankha seva, n'kubwerera komwe anachokera. M'zaka zotsatira chiwerengerocho chinatsika kufika pansi pa theka. Amene anatsala ndi omwe anapeza kagulu kokamba zinthu zomwe amazifunadi: a ntchito imodzi, a mzinda umodzi, a chinenero chimodzi.

Maseva ambiri amayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, omwe amalipira lendi ya kompyuta kuchokera m'thumba mwawo kapena ku zopereka za mamembala. Anthu atachuluka, ndalama zofunika zinakwera ndipo madandaulo oti aweruze anachulukanso. Seva yotchedwa mastodon.technology, yomwe inali ndi anthu masauzande ambiri, inatsekedwa kumapeto kwa 2022 chifukwa amene ankaiyendetsa anali yekha ndipo m'banja mwake munagwa matenda aakulu. Ina, mastodon.lol, inatsekedwa mu 2023 mwini wake atatopa ndi mikangano ya mamembala komanso kutukwanidwa. Panalibe boma kapena kampani yomwe inalamula kuti masevawa atsekedwe. Anatha momwe imathera kalabu yomwe mlembi, msungichuma ndi wapampando ndi munthu mmodzi. Makolo anati mutu umodzi susenza denga, ndipo zikuoneka kuti ndi pa kompyuta pomwe.

Eni a Mastodon anali atadziwa kale za vutoli. Mu 2019 anaika pangano lomwe seva iyenera kulandira kuti iikidwe pa mndandanda wa maseva ovomerezeka. Lili ndi mfundo zinayi. Pakhale anthu ochotsa mauthenga a tsankho ndi chidani. Zonse zosungidwa zizikoperedwa pamalo ena tsiku ndi tsiku. Pakhale munthu winanso mmodzi, kupatula mwini seva, wokhala ndi makiyi pakagwa zadzidzidzi. Ndipo seva ikafuna kutseka, mamembala auzidwe kudakali miyezi itatu. Mu Januwale 2025 a Rochko eni ake analengeza kuti umwini wa Mastodon uperekedwa ku bungwe losachita phindu, kuti tsambalo lisakhale m'manja mwa munthu mmodzi, ngakhale amene analiyambitsa.

Mfundo zinayizi sizifuna kompyuta. Kalabu ya alimi 25 ya ku Lissiete kapena ku Entre Lagos ikhoza kuzilemba m'kope mawa lino.

Kodi kusamuka kukanatithandiza mu 2024?

Pang'ono chabe. Pamene ankatseka WhatsApp ndi Facebook zokha, seva yaing'ono ikanatha kupitiriza, chifukwa kutseka maseva masauzande n'kovuta kusiyana ndi kutseka kampani imodzi. Koma pamene intaneti yonse ya m'mafoni inadulidwa, Mastodon nayo ikanazima, popeza imayenda mumsewu womwewo.

Palinso mapulogalamu otumiza uthenga kuchoka pa foni kupita pa foni kudzera pa Bluetooth, osafuna netiweki. Imodzi ndi Bitchat, yomwe a Jack Dorsey, mmodzi mwa oyambitsa Twitter, anaitulutsa mu Julayi 2025. Imagwira ntchito mafoni akakhala moyandikana, ndipo uthenga umadumpha kuchoka pa wina kupita pa wina. Pa msika wodzaza kapena pa bwalo la mpira zikhoza kutheka. Chigawo chathu ndiye chachikulu kuposa zonse m'dziko muno, koma kalembera wa 2017 anapezamo anthu ongopitirira 1.8 miliyoni. Midzi ndi yotalikirana, ndipo Bluetooth singawoloke phiri.

Tiwonjezerenso izi. M'dziko muno ogwiritsa ntchito intaneti safika munthu mmodzi mwa anayi, ndipo kumudzi ndi ochepa kuposa apo. Amayi, omwe ndiwo amagwira ntchito yochuluka m'minda, ndi amene kawirikawiri alibe foni yolowa pa intaneti. Ambiri amamasuka ndi uthenga wa mawu kuposa wolemba, pomwe Mastodon inapangidwira olemba ndi owerenga. Seva imafuna ndalama mwezi ndi mwezi, nthawi zambiri za kunja, komanso munthu woidziwa bwino. Kalabu ya m'mudzi ikathamangira zimenezi idzasiya kumbuyo anthu omwe inayenera kuwatumikira. Seva yotere ingayenere bungwe lalikulu, monga mgwirizano wa alimi wa chigawo chonse, sukulu ya ukachenjede kapena wailesi zingapo zitagwirizana, ndipo ngakhale pamenepo ikhale njira yowonjezera.

Chitsanzo china chochokera ku South Africa chikusonyeza kuti anthu akumudzi akhoza kukhala eni a msewu weniweniwo. Ku Mankosi, m'chigawo cha Eastern Cape, anthu mothandizana ndi University of the Western Cape anayambitsa netiweki yotchedwa Zenzeleni, yoyendera mphamvu ya dzuwa ndipo mwini wake ndi kopaletivi ya m'mudzimo. Inatenga zaka kuti ikhazikike, ndipo inafunika chilolezo cha boma, maphunziro ndi komiti yosunga ndalama. Apanso ntchito yaikulu inali yogwirizanitsa anthu.

Zomwe tili nazo kale

Tikayang'ana bwino, Niassa ili kale ndi njira zofalitsira uthenga zopanda mwini mmodzi. Wailesi za m'madera, monga za ku Mandimba, Cuamba, Metangula ndi Mecanhelas, iliyonse ili ndi anthu ake, zinenero zake ndi mapulogalamu ake. Zina zili pansi pa ICS, zina ndi za mabungwe kapena mipingo, ndipo zambiri zimakumana mu FORCOM. Imodzi ikazima chifukwa cha mphezi kapena magetsi, zinzake zimalankhulabe. Tsidya linalo ku Malawi, mabungwe monga Farm Radio Trust akhala akugwira ntchito ndi makalabu omvera wailesi, momwe alimi amamvera limodzi pulogalamu, kukambirana, n'kutumiza mafunso awo. Mabungwe a alimi omwe ali pansi pa UNAC, yomwe inayamba mu 1987, ndi nthambi yake ya chigawo chino ya UPCN, nawonso ndi timagulu tambirimbiri tolumikizana.

Chitsanzo chomwe aliyense akuchidziwa ndi xitique, komanso banki m'khonde ya anzathu a ku Malawi. Magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama amakhalitsa chifukwa anthu ake ndi ochepa ndipo amadziwana, amakumana tsiku lodziwika, ali ndi kope, ali ndi chindapusa, ndipo bokosi la ndalama limakhala ndi maloko angapo omwe makiyi ake amasungidwa ndi anthu osiyana. Palibe amene angavomere kuti makiyi onse akhale ndi munthu mmodzi. Koma anthu omwewo amavomera kuti gulu lawo la pafoni, momwe mumadutsa mitengo ya mbewu ndi manambala otumizirako ndalama, likhale ndi admin mmodzi.

Mmene gulu lingakhalitsire

Choyamba, makiyi akhale ndi anthu osachepera atatu. Ma admin asankhidwe pa msonkhano monga asankhidwira a komiti, pakhale mayi pakati pawo, ndipo asakhale a banja limodzi. Ngati n'kotheka asakhalenso onse pa kampani imodzi ya mafoni. Mlangizi kapena wogwira ntchito ya pulojekiti akhoza kukhala membala wolemekezeka, koma gulu lisatsegulidwe kuti lidzathe iye akasamutsidwa.

Chachiwiri, mndandanda wa mamembala ukhale m'kope. Dzina, mudzi, nambala ya foni, ndi nambala ya mnansi wa amene alibe foni. Kope limodzi kwa mlembi, lina kwa munthu wina. Mitengo yofunika, mapangano ndi ogula, ndi masiku a misonkhano zilembedwenso m'menemo. Uku ndiko kukopera kuja kwa pangano la Mastodon. Foni ikagwera m'madzi, gulu limadzuka mawa lake kuchokera m'kope.

Chachitatu, gulu lidziwiretu njira yachiwiri ndi yachitatu. Intaneti ikazima, ndani atumize SMS kwa ndani? Munthu mmodzi akatumizira asanu, aliyense wa asanuwo n'kuuza mabanja a kufupi naye, uthenga umafika mudzi wonse tsiku lomwelo. Netiweki yonse ikazima, chidziwitso chipite ku wailesi ya m'dera lanu, ku tchalitchi Lamulungu, ku mzikiti Lachisanu, ndi pa tsiku la msika. Zimenezi zigwirizanidwe kudakali bata, ndipo ziyesedwe kamodzi mvula isanayambe.

Chachinayi, pakhale kathumba. Amene amayenda kupita pa msika kukafunsa mitengo, kutchajitsa foni ndi kugula mamega akuwononga zake. Akapanda kuthandizidwa adzatopa monga anatopera eni maseva aja. Ndalama yochepa yochokera kwa membala aliyense pa nthawi yokolola, yolembedwa m'kope ndi kuwerengedwa pa msonkhano, ndi yokwanira. Ntchitoyo izisinthananso, kuti pasakhale amene wasenza chaka chonse.

Chachisanu, gulu likhale ndi ntchito imodzi yodziwika komanso nthawi yake. Gulu lomwe limaika mitengo ya nandolo, soya, nyemba ndi chimanga Lachiwiri lililonse m'mawa limatsegulidwa ndi aliyense Lachiwiri m'mawa. Gulu lodzaza ndi mavidiyo oseketsa, moni wa m'mawa ndi mikangano ya zipani limadya mamega a anthu mpaka amatuluka mmodzimmodzi. Macheza ndi abwino, koma akhale ndi gulu lawo.

Chachisanu ndi chimodzi, musathamangire kuchuluka. Malire a 1,024 aja si cholinga choti mufikire. Gulu la anthu 30 kapena 50 odziwana limakhulupirirana, ndipo wonama amadziwika msanga. Likakula, ligawidwe potsata midzi kapena mbewu, ndipo gulu lililonse litumize anthu awiri ku gulu lina la oimira. Mmenemo ndi mmene maseva a Mastodon amalumikizirana: aliyense pakwawo, koma tinjira tili potseguka. Watsopano alowe pobweretsedwa ndi membala womudziwa. Linki yolowera ikangomwazidwa paliponse, mumalowa anthu omwe cholinga chawo ndi kutola manambala.

Mabodza ndi akuba

Mfundo yoyamba ya pangano lija, yoti pakhale oyang'anira zolembedwa, kwa ife ndi nkhani ya moyo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafalikira m'maboma a kumwera kwa Malawi monga Mulanje ndi Phalombe, ndipo anthu angapo anaphedwa ndi magulu olusa. Pa 7 Epulo 2024 bwato lodzaza anthu linamira pakati pa Lunga ndi Ilha de Moçambique m'chigawo cha Nampula, ndipo anthu pafupifupi 100 anamwalira. Akuluakulu a chigawocho anati ambiri ankathawa chifukwa cha mabodza okhudza kolera. Ife a ku Niassa kolera tikuidziwa, popeza mliri wa 2022 unayambira m'boma la Lago mu Seputembala chaka chimenecho. Mphekesera zinalipo mafoni asanabwere, koma uthenga wa mawu umafika midzi khumi ola limodzi lisanathe.

Pa tsamba la kampani yaikulu, uthenga wabodza wa m'Chinyanja, m'Chiyao kapena m'Chimakhuwa sukhala ndi woumva msanga ku likulu lawo, ndipo pa WhatsApp kampaniyo imanena yokha kuti siwerenga mauthenga a anthu. Ndiye woyang'anira ndinu. Gulu ligwirizane kuti nkhani ya matenda, imfa, chiwembu kapena kutsekedwa kwa malire isatumizidwe popanda kunena komwe yachokera, ndipo ma admin afunse kuchipatala, kwa amfumu, kwa alangizi kapena ku wailesi asanailole kukhala. Wophwanya lamulo achenjezedwe kumbali koyamba, mwaulemu. Akabwereza, nkhani ipite ku komiti. Lamulo likakhala lolembedwa, admin wachinyamata amatha kuchotsa uthenga wa munthu wamkulu popanda kuoneka wamwano, chifukwa akungotsata zomwe onse anavomereza.

Akuba nawo alipo. Wina amalemba ngati m'bale kapena ngati wogula, n'kupempha kuti mutumize ndalama pa M-Pesa, e-Mola, Airtel Money kapena Mpamba ku nambala yachilendo. Wina amapempha manambala 6 omwe WhatsApp yakutumizirani pa SMS, ndipo mukangomupatsa amalanda akaunti yanu n'kuyamba kupempha ndalama m'dzina lanu. Lamulo likhale lakuti ndalama za gulu sizitumizidwa chifukwa cha uthenga wolembedwa okha. Muimbireni munthuyo, mumve mawu ake.

Za m'malire

Alimi a m'malire ali ndi mwayi umene anzawo a mkati mwa dziko alibe. Ku Mandimba ndi Chiponde, ku Entre Lagos ndi Nayuchi, ku Cóbuè moyang'anana ndi chilumba cha Likoma, mabanja ali mbali zonse ziwiri, ndipo m'malo ena netiweki ya dziko linalo imafika. Gulu lokhala ndi mamembala a mbali zonse limakhala ndi misewu iwiri, ndipo ndi kovuta kuti yonse itsekedwe tsiku limodzi.

Mwayiwu uli ndi msampha wake pa nkhani ya mitengo. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo kusinthana kwa kwacha ndi metical pa malire kumasinthasintha. Wina akalemba pa gulu kuti nandolo ali pa mtengo wakuti, osanena ndalama yake, muyeso wake, msika wake ndi tsiku lake, akhoza kusocheretsa mudzi wonse. Kilo, chigoba, ndowa ndi thumba la makilogalamu 50 ndi miyeso yosiyana. Gulu lizolowere kulemba zinthu zisanu nthawi zonse: mbewu, mtengo ndi ndalama yake, muyeso, malo, tsiku.

Mtengo wa nandolo umapangidwira kutali. Mozambique inasainirana ndi India mgwirizano wogulitsa nandolo mu 2016, ndipo India itachepetsa nandolo wolowa m'dziko lake mu 2017, mitengo inagwa kuno ndi ku Malawi komwe. Kumapeto kwa 2023 nandolo wambiri anaunjikana pa doko la Nacala chifukwa cha mkangano wokhudza kutumiza kunja. Mlimi wa ku Mecanhelas sangasinthe zimenezi. Koma akadziwa zomwe akugula ku Cuamba, ku Mandimba ndi tsidya linalo pa tsiku lomwelo, venda wobwera ndi sikelo pakhomo samupeza ali m'chimbulimbuli.

Zofunika kwa akuluakulu

Pali mbali yomwe kalabu singathe yokha. Kudula intaneti dziko lonse pofuna kuthana ndi zionetsero za m'mizinda kumalanga mlimi, wodwala ndi wogulitsa pa msika omwe sakukhudzidwa ndi nkhaniyo. Mabungwe a alimi ali ndi ufulu wouza boma, INCM ndi makampani a mafoni kuti netiweki kumudzi ndi chida cha ntchito ngati khasu, ndi kuti mitengo ya mamega isasinthidwe osamva maganizo a anthu akumudzi. Mapulojekiti omwe amabwera ndi mapulogalamu atsopano a pafoni afunsidwe pa msonkhano woyamba kuti pulojekiti ikadzatha, mndandanda wa alimi ndi makiyi a gulu zidzatsala ndi yani. Ndipo wailesi za m'madera zithandizidwe, chifukwa foni ikazima anthu amabwerera ku wailesi.

Mvula isanagwe, kalabu yanu ikakumana, wapampando afunse mafunso anayi. Ma admin athu ndi angati? Kope la mayina lili kwa yani? Netiweki ikazima Lachiwiri, mitengo tidzamva bwanji? Amene amatisakira uthenga tikumuthandiza ndi chiyani? Ngati yankho la mafunso onsewa ndi dzina la munthu mmodzi, musabalalike musanasankhe ena awiri.